Chingwe chikaima pakati: kukokana kwa anthu ofanana mphamvu

Sabata simatha osamva pa wailesi kuti kwinakwake kuli kukokanakokana. Makhansala ndi aphungu akukokanakokana pa ndalama za chitukuko, mabanja awiri akukokanakokana pa ufumu, komiti ya padoko ikukokanakokana ndi eni makoka. Nyuzipepala za Chingerezi pa nkhani zomwezo zimalemba kuti tug of war, lomwe ndi dzina la masewera okokana chingwe aja timaonera pa tsiku la masewera kusukulu kapena pa zochitika za mpingo kuno ku Nkhotakota. Chondidandaulitsa n'chakuti mawuwa tsopano akungoikidwa pa mkangano uliwonse, ngakhale pomwe wina akungoponderezedwa. Kukokana kwenikweni kuli ndi maonekedwe ake. Cholimbirana chimakhala chimodzi, onse achigwira, mphamvu zafanana, ndipo woyamba kutaya ndiye wagonja. Kuti munthu amve bwino zimenezi ayenera kudziwa kaye mmene masewerawo amayendera.

Choyamba chimene ambiri sakhulupirira ndi ichi: chingwe chikakungika, mphamvu imene chikukokera gulu la uku ndi yomweyo imene chikukokera gulu la uko. Palibe mbali imene ingakoke chingwe kwambiri kuposa mmene chingwecho chikuikokera. Ili ndi lamulo lachitatu la Isaac Newton lija ana amaloweza ku sekondale. Tsono ngati m'manja mphamvu n'zofanana nthawi zonse, kupambana kumachokera kuti? Kumapazi. Gulu limene likukankha nthaka mwamphamvu kuposa linzake ndi limene limayenda chafutambuyo, linalo n'kumakwakwazika. Tengani asodzi 8 amadzitho, muwaimike pa simenti yosalala atavala masilipasi, uku muike anyamata a Fomu 2 atavala jombo ataponda pa kapinga. Asodziwo atsetsereka ngakhale mikono yawo ili ngati misi.

N'chifukwa chake kulemera kwa gulu si nkhani yaing'ono. Munthu wolemera amakanikiza nthaka kwambiri, ndipo phazi lake limachedwa kutereka. Bungwe loona za masewerawa padziko lonse, la TWIF, lomwe linakhazikitsidwa mu 1960, limati gulu likhale la anthu 8, ndipo asanapikisane amawayeza pa sikelo n'kuphatikiza kulemera kwawo. Magawo a amuna amene amamveka kwambiri ndi a makilogalamu 560, 600, 640, 680 ndi 720. Gawo la 560 likutanthauza kuti mukagawa mofanana aliyense ali ndi makilogalamu 70, ndipo kwa anthu athu kuno limenelo ndi la 600 ndi amene angatikwane. Pamudzi anthu amangowerenga mitu, 10 uku 10 uko, kenako n'kumadabwa kuti gemu yatha asanaimbe n'komwe nyimbo. Bwerekani sikelo yoimapo, yezani mmodzimmodzi, lembani pa pepala. Kusiyana kukapitirira makilogalamu 20 kapena 30, sinthanitsani anthu. Apo ayi mudzaonera kukwakwaza.

Chingwe nacho chili ndi muyezo. Kutalika chisachepere mamita 33.5. Kunenepa kwake amayeza mozungulira: kulungani ulusi kamodzi pa chingwecho, muutambasule pa rula, upezeke pakati pa masentimita 10 ndi 12.5. Chopyapyala kuposa apo chimadula m'manja, chonenepa kwambiri zala sizikumana. Pasakhale mfundo paliponse, ndipo kumapeto kumangidwe kuti chisamasuke. Pakatikati mangani kansalu kofiira. Kuchoka pamenepo yezani mamita 4 mbali iliyonse, mumange toyera. Pa mamita 5 mumange tabuluu, ndipo munthu woyamba agwire kuseri kwa kabuluuko. Pansi jambulani mzere umodzi wokha ndi phulusa kapena laimu. Kansalu koyera ka mbali yanu kakadutsa pa mzere umenewo, mwagonja. Mita imodzi ija ya pakati pa koyera ndi kabuluu imachititsa kuti kukoka kuthe munthu woyamba asanafike pa mzere wa pansi.

Pano m'mbali mwa nyanja chingwe chosavuta kupeza ndi cha nayiloni cha asodzi, ndipo ndi chimene muyenera kuchikana. Nayiloni imatamuka. Anthu akamakoka, iyo imanka nisunga mphamvu yonse ija, ndipo ikaduka imabwerera mwaukali moti imathyola fupa. Pa 25 Okutobala 1997 mumzinda wa Taipei ku Taiwan, anthu oposa 1,600 anakokana chingwe cha nayiloni chonenepa masentimita 5. Chitaduka, amuna awiri anaduka mikono, ndipo madokotala anachita kuilumikizanso. Chingwe cha khonje sichitamuka choncho, chimamwa thukuta, ndiponso sichiwotcha zikhatho ngati nayiloni ikatereka. Koma khonje ali ndi vuto lake. Akasungidwa wonyowa amaola m'kati kunja akuoneka bwinobwino. Musanagwiritse ntchito, potokolani mapote ake malo angapo muone m'katimo. Mukapeza mwakuda, kapena mukutuluka fumbi ngati ufa, chisiyeni chikamangire nkhuni. Ndipo musalole chizolowezi chija choti gemu ikakoma aliyense athamangire kukagwira kuti athandize a kwawo. Chingwe choyenera anthu 16 sichinapangidwire anthu 60.

Bwalo likhale losatsetsereka, lopanda zitsa ndi miyala, ndipo kutalika kwake kufike mamita 50 kuti ogonjetsa akamabwerera m'mbuyo asakagunde chigoli kapena mtengo. Pa mchenga wa kunyanja pamakoma kuonera koma pamanamiza. Zidendene zimamira, aliyense amakumba dzenje lake n'kugonamo, ndiye chingwe chimatha kuima nthawi yaitali popanda amene akugwira ntchito yeniyeni. Pa makande mvula ikangowaza ndi poterera, ndipo m'chilimwe pamauma gwaa moti chidendene sichilowa. Pabwino ndi pa bwalo la sukulu pomwe pali kapinga wamfupi. Ngakhale pooneka pofanana pamakhala mbali yokomera, n'chifukwa chake magulu amasinthana mbali akakoka koyamba, ndipo akalepherana 1-1 amaponya ndalama kuti asankhe mbali ya kukoka kwachitatu. Nsapato nazo mugwirizane: onse jombo, kapena onse opanda. Nkhani ya nsapato inavutapo ngakhale pa Olimpiki, pomwe masewerawa analipo kuyambira 1900 mpaka 1920. Mu 1908 ku London, gulu la America linadandaula kuti apolisi a ku Liverpool avala jombo zolemera mopitirira muyezo, ndipo dandaulo litakanidwa linatuluka mu mpikisano. Kuno kotentha kuno, mu Okutobala musaike masewerawa masana. Mmawa kapena cha m'ma 4 koloko madzulo, madzi akumwa ali pambali.

Kagwiridwe ndi aka. Manja onse awiri agwire moyandikana, zikhatho zitayang'ana kumwamba, chingwe chidutse m'khwapa pakati pa mkono ndi nthiti. Magolovesi saloledwa, koma utomoni wopaka m'manja amalola. Mikono ikhale yowongoka ndithu. Wopinda zigongono akukoka ndi minofu yaing'ono ya m'mikono, ndipo imeneyo siikhalitsa. Thupi lonse ligonere m'mbuyo ngati thabwa, kuyambira kuchidendene mpaka kumapewa, mapazi ali patsogolo pa mawondo, chiuno chili m'mwamba. Chingwe chikhale chowongoka kuchokera kwa woyamba mpaka kwa womaliza, chifukwa chikamakwera ndi kutsika pakati pa wamtali ndi wamfupi, mphamvu ina ikuthera pokankhana m'mwamba ndi pansi. Choncho ndandalikani anthu motsata msinkhu. Womaliza, amene amatchedwa nangula, ndi yekhayo wololedwa kudutsitsa chingwe pathupi: chimalowa m'khwapa, n'kudutsa pamsana mopingasa, kukwera paphewa linalo, kenako n'kubwerera m'khwapa chotsalacho chili lende. Samanga mfundo. Avale malaya okhuthala chifukwa chingwe chimasupula. Wina aliyense asayerekeze kukulunga chingwe padzanja kapena pamkono. Chikakungika mwadzidzidzi chimapita ndi zala.

Woimbira amalamula kanayi. Nyamulani chingwe. Kungani, ndipo apa aliyense amaloledwa kuponda chidendene kamodzi kuti apeze popondera. Dikirani, uku akuonetsetsa kuti kansalu kofiira kali pamwamba pa mzere. Kenako, kokani.

Magulu ofanana akakumana, kansalu kofiira kamasuntha pang'ono poyamba kenako kamaima, kakungonjenjemera. Oonerera apa amayamba kukuwa kuti kokani, mwaima bwanji. Sanaime. Minofu yonse yakungika popanda kusuntha, ndipo minofu yokungika chotero imafinya mitsempha yake yomwe, magazi sayenda bwino, ndiye imatopa msanga kuposa ya munthu amene akuthamanga. Poyamba kufooka ndi pakati pa dzanja ndi chigongono. Zala zimayamba kutseguka zokha mwini wake asakufuna. Ndiye gemu ya ofanana mphamvu ndi yodikirana: ndani ayambe kutha. Gulu lodziwa limangolendewera pa chingwe ndi kulemera kwa matupi, likupuma bwinobwino, n'kusiya anzawo adzimalize okha. Osabanika mpweya. Wokoka atatseka mpweya amachita chizungulire, ena amakomoka.

Amene amaona zonsezi ndi kochi, amene amaima pambali pa gulu lake osagwira chingwe. Maso ake sakhala pa anthu ake okha. Amayang'ana kutsidya: kodi chiuno cha wachitatu chayamba kugwa? Kodi mitu yawerama kuyang'ana pansi? Kodi mzere wawo wayamba kupindika, zidendene zikupalasa fumbi? Akaona chimodzi mwa izi amalamula gulu lake kuyamba kuyenda, timasitepe tating'ono tosapitirira kutalika kwa phazi, kumanzere onse pamodzi, kumanja onse pamodzi. Kulakwitsa kofala ndi kugwedeza kuja anthu amakukonda kwa "wani, thuu, hoo!" Kumapindula mwina theka la mita, koma mukangotha kugwedeza matupi amadzuka, zidendene zimapepuka, ndipo pa kamphindi kameneko anzanu akakoka mumapita nonse. Kugwedeza kumagwira ntchito pomalizitsa gulu lomwe latha kale, osati poyamba.

Kuyendera pamodzi n'kofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Katswiri wa zaulimi wa ku France, Max Ringelmann, anayeza anthu akukoka chingwe payekhapayekha ndiponso m'magulu, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1913. Anthu 8 pamodzi anatulutsa pafupifupi theka chabe la mphamvu imene ikanapezeka mukanaphatikiza ya aliyense payekha. Zifukwa zake n'ziwiri: sakoka pa nthawi imodzi, komanso pagulu munthu amabisala n'kusiyira anzake. Apa anyamata okoka khoka ku Chia kapena ku Sani ali ndi mwayi, chifukwa anazolowera kuponda motsata nyimbo ndipo waulesi amamudziwa msanga. Koma chizolowezi chawo china chimawalakwitsa. Pa khoka chingwe chimayenda m'manja, dzanja kulanda linzake, pomwe pa masewerawa kuyendetsa chingwe m'manja n'kulakwa. Manja amakhala pomwe agwirapo, choyenda ndi miyendo.

Zolakwa zina ndi kukhala pansi dala, kutsamira pansi ndi dzanja, kupanikiza chingwe pantchafu ndi chigongono kuti chisayende, ndi kukumba maenje woimbira asanalamule. Woterereka mwangozi adzuke nthawi yomweyo. Gulu limachenjezedwa kawiri, kachitatu laluza. Lamulo loletsa kukhala pansi ndi limene limachititsa kuti gemu ithe. Kale kusanabwere lamuloli, asilikali a Britain ku Jabalpur m'dziko la India anakokana maola 2 ndi mphindi 41 mu 1889. Pa Olimpiki ya 1912 ku Stockholm, apolisi a ku Sweden ndi a ku London pa kukoka kwachiwiri anaima nthawi yaitali popanda wosuntha, mpaka ena a ku London anatheratu n'kukhala pansi, ndipo mendulo ya golide inapita ku Sweden. Masiku ano magulu onse akangogona pa chingwe osayesa kanthu, woimbira amathetsa kukokako n'kuwayambitsanso pamalo ena nthawi yomweyo, osawapatsa mpata wopuma. Ndipo wezulo ikalira, opambana kapena ogonja asataye chingwe mwadzidzidzi. Enawo amagwa chagada, nkhongo n'kumenya pansi.

Tsopano tikabwerera ku nkhani za pa wailesi zija, kusiyanitsa sikuvutanso. Chitsanzo chimene chimakwana bwino kwambiri m'mbiri yathu ndi cha ndime 65 ya malamulo oyendetsera dziko, yomwe imati phungu akasintha chipani achotsedwe pa mpando wake. Bingu wa Mutharika anapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, mu 2005 n'kutuluka kukayambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri anamutsatira. Otsutsa, MCP ndi UDF, anali ochuluka m'Nyumba ya Malamulo. Iwo ankati sipikala achotse kaye aphungu osintha chipani ndipo bajeti ibwere pambuyo. Boma linkati bajeti kaye. Mu Juni 2007 khoti lalikulu la apilo linanena kuti ndimeyo ndi yovomerezeka, koma ziletso za kukhoti zinamanga manja sipikala Louis Chimango. Boma silikanatha kudutsitsa bajeti palokha, otsutsa sakanatha kuchotsa aphunguwo paokha. Bajeti ya chaka chimenecho inadutsa mu Seputembala, chaka cha boma chitayamba kale mu Julayi, ndipo mu 2008 zinabwerezanso. Palibe amene anagwetsa mnzake pa kukokana kumeneko. Chinathetsa nkhani ndi chisankho cha 2009, pomwe DPP inapeza aphungu ochuluka, sikelo n'kusinthiratu.

China ndi cha malire a panyanja. Malawi imagwira pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany, lomwe linaika malire m'mphepete mwa nyanja kutsidya la kum'mawa, pomwe Tanzania imati malire adutse pakati pa madzi. Nkhaniyi inagona zaka zambiri, n'kudzuka mu 2012 boma litapereka chilolezo chofufuza mafuta kwa kampani ya Surestream chaka cha 2011. Atsogoleri opuma, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi koma zokambirana zinaima osamvana. Ife a ku Nkhotakota tsidya lathu ndi Mozambique, ndipo kumeneko malire a pakati pa madzi anagwirizana kale Britain ndi Portugal mu 1954, n'chifukwa chake mkanganowu umamveka kwambiri kumpoto. Apa chimene chikusowa ndi woimbira amene onse awiri angamuvomere.

Koma wina akalemba kuti alimi a mpunga akukokanakokana ndi mavenda pa mitengo, ine ndimakana. Mlimi ali ndi ngongole ya feteleza, fizi ya mwana ikudikira, alibe posunga mpunga, ndipo venda ali ndi sikelo yake, ndalama m'thumba ndi alimi ena 20 pa mzere. Kulemera kwa magulu awiriwa sikuyandikana n'komwe. Kunena kuti akukokana kumabisa zoti wina akukwakwazidwa. Zimayamba kufanana pokhapokha alimi akasonkhanitsa mpunga wawo mu kopaletivi n'kutha kudikira miyezi ingapo. Chimodzimodzi timu ziwiri zikalepherana 0-0 chifukwa zonse zimangotchinga kumbuyo, kumeneko n'kuopana, atambwali sametana. Ndipo anthu awiri akamatukwanizana pa Facebook palibe chimene agwirira pamodzi, aliyense akhoza kuzimitsa foni n'kukagona osataya kanthu.

Kumene mawuwa amakwana mowawa ndi m'mabanja. Bambo akamwalira, ana ake akuti munda ndi wathu chifukwa tinakulira pomwepa, a kuchimuna kapena eni mbumba akuti ndi wa makolo athu, ndipo mbali iliyonse ili ndi mboni zake ndi akuluakulu ake. Nkhani imachoka kwa nyakwawa kupita kwa gulupu, kwa gulupu kupita kwa mfumu yaikulu, mwina mpaka kukhoti. Poyang'ana kunja palibe chikusuntha, koma m'kati ndalama zikutha: thiransipoti ya mboni, chakudya, masiku osagwira ntchito. Monga pa bwalo paja, amene amayamba kufooka nthawi zambiri si wolakwa, koma amene thumba lake ndi laling'ono. Ndipo mundawo umagonera, chifukwa wolima amaopa kuti amuzulira mbewu, winayo akuopa kuti akalola mnzake kulima ndiye kuti wavomera.

Pa milandu yotere pali chinthu chimodzi chimene anthu amaiwala kupempha pa tsiku loyamba, chigamulo chongoyembekezera. Mlandu waukulu usanazengedwe, mfumu inene kuti chaka chino alime ndani, mbali iti ya munda, zokolola zigawidwe bwanji, ndipo zilembedwe poyera kuti kulimako si umboni wa umwini. Mbali zonse zisaine, mboni zisaine, aliyense atenge pepala lake. Pempho limeneli liperekedwe mu Seputembala kapena Okutobala anthu akusosa, chifukwa mvula ikagwa mu Disembala aliyense amathamangira kukadzala pomwe akuti ndi pake, ndipo mlandu wa munda umasanduka wa zikwanje.